Bambo, Nandolo ndi Mtsikana wa ku Mgona

Bambo anga ankaphunzitsa masamu ndi sayansi pa sekondale yoyendera ya ku Area 25, ndipo ine ndinaphunzira pomwepo. M'mawa tinkachokera limodzi kunyumba, koma tikafika pamphambano ya pamsika iwo ankafulumira, ine n'kutsalira dala. Linali lamulo lawo: pasukulu sanali bambo anga, anali aphunzitsi. Ndikakhoza masamu onse, zimene sizinali zachilendo, ankangochonga n'kundibwezera kope osandiyang'ana n'komwe. Ndinkadziuza kuti ndi mmene anabadwira, sadziwa kuyamikira munthu. Maganizo amenewo anandisunga bwinobwino mpaka chaka chimene tinalemba mayeso a Fomu 2.

Chinali chaka cha njala. Azimayi ankalawirira kukaima pamzere wa chimanga n'kubwerako dzuwa litapendeka, ena ali chimanjamanja. M'kalasi mwathu ana ankasinza nthawi yopuma isanakwane. Bambo ankabwera kunyumba atakhumudwa, n'kumadandaulira amayi kuti akuphunzitsa ana kupeza kukula kwa zinthu zojambula pabolodi, pamene anawo akuganiza za m'mimba. Sukulu yathu inalibe chipinda cha sayansi. Zipangizo zonse zinkakwana m'katoni imodzi imene inkakhala pansi pa tebulo la ahedi, ndipo theka la zimenezo zinali zosweka.

Kuseri kwa makalasi kunali malo amene ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe ankatayako zinyalala. Bambo anakawapempha malowo kwa ahedi kuti alimepo munda wophunzirira. Masiku amenewo sukulu inkatsekera chakumapeto kwa chaka, mvula ili pafupi, choncho anatiuza kuti amene tinkakhala pafupi tizibwera ndi makasu pa tchuthi. Ine wobadwira m'tauni, khasu ndinkalidziwira kusetera udzu pabwalo basi. Ndinabwereka la amayi.

Pakati pa amene anabwera panali mtsikana wina wa ku Mgona. Anali wamtali, wamawu aakulu, ankakhala kumbuyo kwa kalasi ndipo ankadziwika ndi zinthu ziwiri: makani ndi kulephera masamu. Bambo ake ankakhoma mbaula ndi ndowa, amayi ake ankalima kachigawo kena m'mbali mwa njanji ya ku Kanengo. Ine ndinali ndisanachezepo naye.

Tsiku loyamba Bambo anatifotokozera mmene tidzabzalire chimanga, atagwira chingwe ndi tepi yoyezera. Asanamalize, mtsikana uja anawadula mawu osakweza ndi dzanja lomwe.

"Kodi aphunzitsi, munda wonsewu chimanga chokhachokha? Nanga ndiwo tidzadya chiyani?"

Tinaseka, ndipo ine ndinkadikira kuti amukalipire, chifukwa Bambo sankalola kudulidwa mawu. Koma anatsitsa tepi n'kumufunsa kuti kwawo n'kuti. Iye anati ku Machinga, ndipo kwawoko munthu sabzala chimanga popanda nandolo ndi maungu. Bambo ndi a ku Chiradzulu. Nkhope yawo inasintha mmene sindinaionerepo pasukulu.

"Ndiye inu ndinu achemwali anga," anatero. "Tatiuzani, achemwali, kwanu amabzala bwanji?"

Anayankhula nthawi yaitali, akulemba pansi ndi chala, ndipo Bambo ananjuta pambali pake n'kumamvetsera. Kuyambira tsiku limenelo ankamutchula kuti achemwali, momupatsa ulemu wa akuluakulu mwanthabwala, ndipo kalasi yonse inatengera. Ine ndekha sindinamutchulepo choncho.

Mundawo anaugawa pawiri molingana. Mbali imodzi tinabzala chimanga cha haibulidi chokha, chothira feteleza amene Bambo anagula kwa mavenda, wa m'timajumbo. Mbali inayo tinabzala chimanga cha makolo, nandolo ndi maungu, n'kuthira manyowa opangidwa ndi zinyalala zomwe zija, phulusa ndi zitosi za nkhuku. Mbewu ya nandolo anabwera nayo mtsikana uja m'pepala la shuga, kuchokera kwa amayi ake. Ine anandiika kuyang'anira mbali ya feteleza ndi kulemba miyezo yonse, iye mbali ya makolo.

Ndinaona msanga pamene panali polakwika, ndipo ndinakweza dzanja monga mwa mwambo. Ndinati buku la sayansi limati poyerekeza zinthu tizisintha chinthu chimodzi chokha, pamene ife tasintha mbewu, zothira ndi kabzalidwe nthawi imodzi, ndiye tidzadziwa bwanji chimene chagwira ntchito? Bambo anagwedeza mutu n'kuvomera kuti ndanena zoona. Anati ndilembe kuti pomaliza tidzazinene poyera. Atatero anatembenuka n'kupita kukaona mmene achemwali awo akutipulira manyowa. Ndinatsala nditaima ndi cholembera m'manja.

Sindingakane kuti munda uja unaphunzitsa anthu. Mtsikanayo anati amayi ake satenga chingwe pobzala, amangoyeza ndi phazi ndi mpini wa khasu. Bambo anatiuza kuti aliyense abzale mzere umodzi poyeza ndi phazi lake, kenako tiyeze ndi tepi mipata ya pakati pa mapando, tiphatikize n'kugawa. Anyamata amene anakhala zaka ziwiri osamvetsa za avareji anaimvetsa tsiku lomwelo, matope ali m'mawondo. Sukulu itatsegulira tili Fomu 3, tinkayeza kutalika kwa chimanga sabata iliyonse n'kujambula magirafu. Tinazula nandolo mmodzi n'kuona timatuza ta kumizu, ndipo Bambo anafotokoza kuti m'menemo ndi mmene mumakhala tizilombo tokonza chakudya cha m'nthaka. Mtsikanayo anati kwawo amangoti nandolo amanenepetsa munda. Bambo anati ndi nkhani imodzi yomweyo, yangovala zovala zosiyana. Magirafu onsewo ndinkajambula ndine, oyera, opanda pofufuta. Ankawapachika pakhoma osanena kanthu.

Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti mtsikana uja ankasangalatsa Bambo ngakhale atalakwitsa. Maungu atayamba kubereka, iye anamenya dzanja la mnyamata wina amene analoza kadzungu ndi chala, n'kunena kuti dzungu ukaliloza limafota n'kugwa. Ine ndinaseka mokweza kuti Bambo amve. Iwo sanaseke. Anati tiyese. Tinamanga tinsanza tofiira pa maungu ena, ndipo m'mawa uliwonse kalasi yonse inkafola kukawaloza ndi zala, ena n'kumawatukwana kumene. Enawo tinkawadutsa manja ali kumbuyo. Ana a makalasi ena ankatisuzumira pamawindo n'kumati a Fomu 3 apenga.

Patapita masabata angapo ndinawerenga zotsatira pamaso pa onse. Maungu olozedwa ndi osalozedwa anafota mofanana. Ndinawerenga pang'onopang'ono, ndikumuyang'ana. Iye sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati chifukwa chake n'chakuti tinkaloza mosewera, dzungu limadziwa chala cha munthu wanjiru. Bambo anaseka mpaka anavula magalasi kupukuta misozi. Kenako anamufunsa ngati akuluakulu sankangofuna kuti ana asamayandikire maungu anthete n'kuwaponda. Iye anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti mwina n'kutheka. Anakambirana zimenezo mpaka belu linalira. Wolondola ndinali ine, koma amene anatuluka m'kalasi akumwetulira anali iye.

Loweruka lina Bambo anandiuza kuti ndiwaperekeze ku Mgona, akufuna akaone mmene amayi a mtsikanayo amasungira mbewu. Tinayenda wapansi, kudumpha ngalande za madzi akuda, kudutsa m'tinjira topanikizana mmene munthu umayenda chammbali. Nyumba yawo tinaidziwira phokoso la nyundo. Bambo ake anasiya kukhoma, anatilonjera mwaulemu, n'kubwerera ku malata awo. Amayi ake anatiyalira mkeka n'kutulutsa chigubu cha nandolo wosakaniza ndi phulusa, ndi ngala za chimanga cha mbewu zakuda ndi utsi, zimene ankazipachika pamwamba pa moto kuti anankafumbwe asalowe.

Bambo anafunsa mafunso awo a sayansi poyamba: phulusa la mtengo wanji, lochuluka bwanji, mbewu imakhala miyezi ingati. Koma posakhalitsa nkhani inakhotera kwina. Ndinamva kayankhulidwe kawo kakusintha, kakubwerera kum'mwera. Anayamba kusimba za mayi awo, agogo anga amene anamwalira ine ndisanabadwe, mmene ankawatumira kukathyola nandolo wamuwisi m'mawa kukuzizira, n'kumuphika ndi makoko omwe. Anasimba kuti chaka china cha njala anapulumukira nandolo ndi chinangwa, ndi kuti tsiku limene ankapita ku sekondale mayi awo anawamangira nandolo wokazinga pakansalu kuti azikatafuna m'basi. Amayi a mtsikanayo ankavomera mwachiyao, mtsikanayo n'kumawonjezera zake, onse atatu n'kumaseka.

Nkhani zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinakula m'nyumba mwa munthu ameneyu, ndinkamuchapira malaya, ndinkadziwa mmene amatsokomolera akamabwera panjira, koma za mayi ake anazisungira anthu a ku Mgona. Ndinakhala kumapeto kwa mkeka ndi kapu ya thobwa m'manja, ngati mlendo amene aperekeza. Amayi aja anandifunsa ngati ndimadya nandolo. Ndisanayankhe, Bambo anandiyankhira kuti uyu ndi wa m'tauni, amadziwa nyemba za pamsika. Ananena mosaganizira choipa chilichonse. Pobwerera ndinatsalira m'mbuyo njira yonse, ndipo iwo sanazindikire, ankangoimba mluzu.

Amayi anga, omwe ndi a ku Dowa ndipo sabisa mawu, anaona kuti ndikudya mochita kukakamizika. Nditawauza, anaseka.

"Iwe ukuchita ngati mkazi wamkulu wapamitala," anatero. "Bambo akowa asowa kwawo, si kuti apeza mwana wina."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuzepo za agogo. Amayi anati mwina chifukwa sindinafunsepo, ndipo munthu sangayambe nkhani ya nandolo kwa mwana amene wagwira buku. Yankholo silinanditonthoze. Ndinaona ngati buku limene ndinkaligwira kuti ndiwasangalatse ndi lomwe linawatsekera pakamwa.

Ndinaika mtima wanga wonse pa mbali yanga ya munda. Ndinkapalira ndekha ena ataweruka, manja mpaka anatuluka matuza. Ndinkayang'ana kapuchi m'nsonga za chimanga phesi ndi phesi. Kutachita ng'amba pakati pa dzinja, chimanga changa chinapinda masamba masana, pamene cha mbali inayo chinapirirako chifukwa masamba a maungu anaphimba nthaka. Bambo anatikumbitsa dothi mbali zonse ziwiri, kuliyeza pasikelo, kuliyanika, n'kuliyezanso kuti tione madzi amene anali m'katimo. Ndinalemba zotsatirazo mano ali gwa. Koma mvula inabweranso, chimanga changa chinadzuka n'kubereka ziwiriziwiri.

Tinakolola dzuwa litayamba kuwala bwino, tinatonola pakhonde la kalasi, n'kuyeza pa sikelo yobwereka kwa mayi wina wogulitsa ufa. Chimanga cha mbali yanga chinaposa cha mbali inayo moonekeratu, munthu sankafunika sikelo kuti aone. Ndinalemba manambala pabolodi ndi choko chatsopano, ndinatsindika mzere pansi pake, n'kubwerera pampando.

Bambo anati ndi zokolola zabwino. Kenako anafunsa kalasi kuti nanga nkhwani umene takhala tikuthyola chiyambire mwezi woyamba wa chaka tiuwerengera pati? Maungu amene ali mu ofesi ya ahedi? Nandolo amene akadali m'munda, yemwe sanayambe n'komwe maluwa? Nanga feteleza amene chaka chamawa tidzafunenso, pamene manyowa tikutola pomwepa? Anati ameneyo ndiye samu weniweni wa chaka chino, ndipo apereka sabata kuti wina apeze njira yoyerekezera minda iwiriyo mwachilungamo.

Ndinadziwa kuti yankho lake silidzandikomera, komabe samu ndikamuona sinditha kumusiya. Ndinalimbana naye masiku angapo. Njira imene ndinapeza inali yofunsa kuti, munthu atafuna kukolola chimanga chomwecho, maungu omwewo ndi nandolo yemweyo, koma chilichonse pamalo pakepake, angafune malo aakulu bwanji? Nditawerengera, poganizira nandolo amene tinkayembekezera, malowo anaposa munda wosakaniza uja. Ndiye kuti munda wa mtsikana wa ku Mgona unali kugwira ntchito ya munda waukulu kuposa wanga. Ndinabwereza kangapo kufuna cholakwika, osachipeza.

Nditafotokoza pabolodi, Bambo anayang'ana nthawi yaitali. Anati akatswiri a zaulimi amawerengera chonchi kumene. Ndinadikira mawu otsatira. Iwo anatembenukira kumbuyo kwa kalasi n'kunena kuti, "Mwamva, achemwali? Amayi anu akhala akuchita samu ameneyu zaka zonsezi." Kalasi inamuombera m'manja iyeyo.

Nandolo uja sitinamukolole monga tinkayembekezera. Kuno ku Lilongwe anthu akangokolola chimanga amamasula mbuzi kuti zizidzidyera, ndipo nandolo ndiye amakhala yekha wobiriwira pamene zonse zauma. Lolemba lina tinapeza mbuzi zitadya masamba mpaka pamene zinkafikira zitaimirira ndi miyendo yakumbuyo, mitengo ina zitathyola. Mtsikanayo analira poyera, akutukwana eni mbuzi. Bambo anati limeneli ndi phunziro lina: nzeru za ku Machinga zimafuna mpanda zikafika ku Lilongwe, ndipo n'chifukwa chake kwawo kwa amayi anga nandolo salimidwa kwambiri. Ine misozi sinabwere. Ndinaima patali n'kumaona awiriwo akudula nthambi zaminga ndi kutchingira mitengo yotsalayo, akukambirana motsitsa mawu ngati anthu a pamaliro. Ndinakonzanso samu wanga ndi nandolo wochepayo. Minda iwiriyo inangotsala pang'ono kufanana.

Chakumapeto kwa teremu yachiwiri kunali chionetsero cha sayansi cha masukulu a m'dera lathu. Sukulu iliyonse inkatumiza ana awiri, mmodzi woyankhula, wina wothandizira. Ndinalibe chikayiko kuti woyankhula ndine. Chingerezi changa chinali chabwino, manambala onse anali m'mutu mwanga. Bambo analengeza m'kalasi kuti achemwali ndiwo akayankhule, ine ndikagwire matchati ndi kuyankha oweruza akafunsa za masamu.

Tsiku limenelo sindinatsalire m'mbuyo pobwerera kunyumba. Ndinawapeza asanafike pamsika, ndikadali mu yunifolomu, n'kuyenda nawo phewa ndi phewa. Ndinawafunsa chimene ndinalakwa. Anati palibe. Ndinawakumbutsa kuti magirafu ndinajambula ndine, samu uja ndinapeza ndine, ndipo mnzangayo satha ngakhale kugawa manambala a madesimo. Anaima pafupi ndi ogulitsa makala.

"Iwe upita patsogolo ngakhale ine nditafa mawa," anatero. "Uyu akapanda kuona kuti zimene akudziwa zili ndi malo pasukulu, chaka chamawa sitimuonanso. Kwawo ayamba kale kukamba za banja."

"Ndiye ndiyambe kulephera kuti mundione?"

Ndinali ndisanawayankhepo chotero chibadwire. Ndinkayembekezera kuti akwiya. Anangondiyang'ana ngati munthu amene wapatsidwa funso la phunziro limene sanaphunzirepo. Kenako anandilanda chikwama changa cha mabuku n'kuchinyamula okha mpaka kunyumba, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ndili ku pulayimale. Nkhaniyo sitinaikambenso, ndipo woyankhula sanasinthe.

Ku chionetsero mtsikanayo anayamba m'Chingerezi chothyokathyoka, n'kumathawira ku Chichewa akapanikizika, atanyamula dzungu kudzanja lina ndi muzu wa nandolo kwinaku. Anthu anadzaza patebulo pathu. Anasimba ngakhale za kuloza maungu, n'kuvomera yekha kuti pamenepo sayansi inamugonjetsa, ndipo oweruza anaseka. Ine ndinaima kumbuyo kwake manja ali m'mwamba, nditagwira tchati. Woweruza mmodzi anafunsa za kawerengedwe ka malo, ndinayankha, ndinanenanso za kulakwika kosintha zinthu zambiri nthawi imodzi, iye n'kulemba kenakake papepala. Sitinapambane. Mphoto inapita kwa anyamata a sukulu ina amene anapanga belu la mabatire. Koma pobwerera mu minibasi aphunzitsi a masukulu ena ankafunsa Bambo za mtsikana wa dzungu uja.

Chaka cha Fomu 4 Bambo anandipempha kuti ndizimuthandiza masamu. Anachita kupempha, osati kulamula, ndipo mwina n'chifukwa chake ndinalephera kukana. Ankabwera kwathu Lamlungu masana, ife titabwera ku tchalitchi, n'kukhala patebulo limene ndinkawerengerapo. Anali wovuta kuphunzitsa. Ankatsutsa chilichonse, ankafuna kudziwa kuti chilembo cha mu aljebura chikuimira matumba kapena mizere, ndipo ndikapanda kumupezera chitsanzo cha kumunda sankasuntha. Ndinayamba kumufunsa za ulimi kuti ndipeze zitsanzozo, ndipo ndinadziwa zambiri mosafuna. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti amandisirira, chifukwa ine ndikabwera kunyumba ndimapeza tebulo, nyale ndi bambo odziwa yankho, pamene iye amawerengera pamwamba pa malata okhoma a bambo ake phokoso la nyundo lili m'makutu. Ndinamva, ndinaona kuti akunena zoona, koma Bambo atalowa n'kumufunsa za mbewu asanandifunse ine za chilichonse, mtima wanga unabwerera pomwe unali.

Zotsatira za mayeso zitatuluka, ine ndinakhoza bwino kwambiri, masamu ndi sayansi yomwe. Bambo anandigwira chanza ngati mphunzitsi mnzawo n'kunena kuti ankadziwa. Mtsikanayo anangodutsa masamu pang'onong'ono, pamalire penipeni. Atabwera kudzawauza, Bambo anadumpha pampando, anaitana amayi kukhitchini, n'kutuma mwana wa aneba kukagula zakumwa zoziziritsa kukhosi. Amayi anawakumbutsa kuti amene anamuphunzitsa ali pomwepa. Iwo anati inde, inde, n'zoona, n'kunditsegulira botolo langa okha.

Ine ndinapita ku yunivesite kukaphunzira masamu. Mtsikana uja sanakwatiwe chaka chimenecho. Bambo anayendayenda mpaka anamupezera malo pa sukulu ya zaulimi, ndipo pomaliza analembedwa ntchito ya ulangizi ndi bungwe lina lothandiza alimi ang'onoang'ono. Munda wa kuseri kwa makalasi unapitirira zaka zingapo, mpaka pamene pamalopo anamangapo makalasi atsopano.

Bambo atapuma pantchito chakumapeto kwa zaka zimenezo, anagula kamalo ku Njewa n'kusamukira komweko ndi amayi. Tsiku lina ndili ku koleji anandiimbira foni masana. Ndinathamangira panja poganiza kuti kwagwa zovuta, chifukwa sankaimba wamba. Anati achemwali ali pompano, akufuna akumbe maenje obzalamo osunga madzi m'malo mwa mizere, ndiye ndiwawerengere kuti pamunda wa kukula kwakutikwakuti pakwana maenje angati ndi manyowa ochuluka bwanji. Ndinawerengera pamtima n'kuwayankha. Ndinawamva akubwereza yankholo kwa munthu wina chapatali, kenako foni inaduka, mayunitsi atatha kapena atadula okha, sindikudziwa. Sanafunse za mayeso amene ndinkalemba sabata imeneyo.

Madzulo ake amayi anaimba n'kundiuza kuti Bambo auza aliyense wodutsa pamsewu kuti mwana wawo wawerengera munda wonse pafoni popanda pepala. Amayi ndi munthu wokonda kuyanjanitsa anthu, ndiye mpaka lero sindidziwa kuti pa mawu amenewo a Bambo ndi ati, owonjezera ndi ati.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinapita ku Njewa. Ndinatsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi. Pakhomo panali njinga yamoto ya bungwe lija, ndipo amayi anandilozera kumunda ndi mutu. Ndinawapeza Bambo ndi mtsikana uja pakati pa chimanga, akukangana za kaufiti, maluwa ofiira aja amene amayamwa mizu ya chimanga. Iye ankati n'chifukwa cha nthaka yoguga, Bambo ankati mbewu yake inabwera ndi madzi kuchokera m'munda wa aneba. Atandiona anasangalala onse awiri. Iye anandikumbatira, thukuta lili thupi lonse, n'kundifunsa za ku koleji mafunso ambirimbiri. Bambo anati ndafika nthawi yabwino, ndiweruze mlanduwo. Ndinati za kaufiti sindizidziwa. Anavomera kuti n'zoona, n'kupitiriza mkangano wawo.

Ndinakhala nawo pang'ono, nsapato zanga za m'tauni zikumira m'dothi lonyowa. Kenako ndinatola chimanga chachiwisi chimene anali atathyola n'kubwerera kunyumba kukathandiza amayi kusonkha moto.